Kubanika si mphumu nthawi zonse: zimene mabanja a ku Salima tiyenera kudziwa

Mu 2025 munatuluka zotsatira za kafukufuku amene madokotala anachita pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi pa chipatala cha boma la Chiradzulu. Iwo anatsatira odwala akuluakulu oposa 700 amene anagonekedwa m'zipatalazi, ndipo anapeza kuti oposa 4 mwa odwala 10 aliwonse anafika akubanika. Pomatha chaka, pafupifupi theka la amene anafika akubanika anali atamwalira, pamene mwa odwala enawo amene anamwalira anali pafupifupi mmodzi mwa anayi aliwonse. Matenda amene anapezeka kwambiri mwa obanikawo anali anayi: chibayo, kuchepa kwa magazi, kufooka kwa mtima ndi chifuwa chachikulu cha TB. Ambiri a iwo anali ndi matenda awiri kapena kuposerapo pa nthawi imodzi.

Kafukufukuyu sanachitikire kuno, koma nkhani yake ndi yathu. Kuyambira ku Chipoka, Maganga, Senga Bay, Lifuwu mpaka ku Khombedza, munthu akayamba kupuma movutikira timafulumira kunena kuti ndi mphumu. Dzinalo likangotchulidwa, zotsatira zake timazidziwa kale: tigula mapilitsi pa golosale, timufukiza, kenako tidikira kuti kuche. Komatu pa matenda anayi aja, mphumu palibepo. Tikalakwitsa dzina timalakwitsanso chithandizo, ndipo masiku amene timataya kunyumba ndi omwe akanapulumutsa moyo wa m'bale wathu.

Mfundo ya nkhani ino ndi yakuti kubanika ndi chizindikiro cha matenda osiyanasiyana, ndipo munthu wobanika amapulumuka pamene zinthu zingapo zayenda bwino motsatizana: banja lazindikira msanga, mayendedwe apezeka, achipatala apeza chimene chayambitsa, ndipo mpweya, magazi, magetsi ndi anamwino zilipo. Makina okha sakwanira. Umboni wa zimenezi unapezeka konkuno ku Salima, monga tionere kutsogoloku.

Chimene chimabanikitsa munthu

Thupi limakhala ndi moyo chifukwa cha mpweya wa okosijeni. Mapapo amaukoka, magazi amaunyamula, mtima umapopa magaziwo kuti afike paliponse. Chimodzi mwa zitatuzi chikalephera, munthu amabanika. Ichi ndi chifukwa chake munthu amene mapapo ake ali bwinobwino akhoza kupuma wefuwefu ngati wathamanga mtunda wautali.

Chibayo chimadzaza mapapo ndi mafinya ndi madzi. Chimabwera mwa masiku ochepa, ndi kutentha thupi, kutsokomola ndi kubaya m'nthiti. Chimapha kwambiri ana aang'ono, okalamba, ndi anthu amene ali ndi kachilombo ka HIV koma sakumwa mankhwala mwa ndondomeko. Katemera woteteza ana ku tizilombo tina toyambitsa chibayo anayamba kuperekedwa m'dziko muno mu November 2011, ndipo ndi waulere kusikelo.

TB imabwera pang'onopang'ono: kutsokomola kwa masabata awiri kapena kuposa, kutuluka thukuta usiku, kuwonda, nthawi zina makhololo a magazi. Imathanso kudzaza madzi mozungulira mapapo kapena mtima. Mankhwala ake ndi aulere ndipo kawirikawiri amamwedwa miyezi 6. Ena amachira TB koma mapapo amatsala ndi zipsera, moti amabanikabe patapita zaka. Oterewa akufunika kuonedwanso kuchipatala, osati kugula mankhwala ena mwa okha.

Kufooka kwa mtima ndi kumene timakuphonya kwambiri. Munthu amatupa mapazi, salimba kugona chagada, amadzuka pakati pa usiku akusowa mpweya, ndipo amagona atatsamira khoma. Kawirikawiri chiyambi chake ndi kuthamanga kwa magazi kumene kwakhala zaka kosayezedwa. Kwa achinyamata, zilonda za pakhosi zimene sizinathandizidwe paubwana zimatha kuononga tizitseko ta mu mtima. Palinso amayi amene mtima umawafooka kumapeto kwa pakati kapena miyezi ingapo atangobereka, ndipo ife timangoti ndi kutopa kwa uchembere.

Kuchepa kwa magazi ndi vuto la m'mbali mwa nyanja. Malungo obwerezabwereza amaphwanya magazi, makamaka m'madera a madambo ndi minda ya mpunga monga ku Lifuwu. Likodzo limataya magazi pang'onopang'ono mwa ana ndi akulu amene amasamba, kuchapa ndi kukoka makoka m'madzi osaya. Njoka za m'mimba, pakati, ndi kutaya magazi pobereka zimaonjezera vutoli. Munthu wotere zikhatho ndi m'kati mwa zikope mumayera, mtima umagunda mofulumira, ndipo amabanika akangoyenda pang'ono.

Mphumu yeniyeni iliponso. Imabwera n'kupita, chifuwa chimalira ngati wenzulo, ndipo imakonda usiku, nyengo ya mwera, fumbi ndi utsi. Pafupi nayo pali kuonongeka kwa mapapo chifukwa cha utsi wa zaka zambiri: fodya, chingambwe, nkhuni za m'khitchini yopanda mazenera, ndi utsi wa powamba nsomba, umene amayi athu amakhalamo tsiku lonse, ena mwana ali kumsana. Azigogo amene anagwira ntchito m'migodi ya golide ku South Africa akhoza kukhala ndi mapapo oonongeka ndi fumbi la miyala. Makampani ena a migodi anavomera kulipira chipukuta misozi kudzera mu Tshiamiso Trust kwa amene anagwira ntchito m'migodi yawo pakati pa 1965 ndi 2019 n'kudwala nthenda ya fumbili kapena TB, choncho ndi bwino kutchula mbiri ya kumigodi pamene agogo akuonedwa ndi dokotala.

Pali zina zobwera mwadzidzidzi. Mwana wameza mtedza kapena munga wa nsomba n'kumutsamwa. Mwana wamwa palafini, ndipo womusanzitsa amangokankhira palafiniyo m'mapapo. Msodzi wavuulidwa m'madzi, akuoneka ngati ali bwino, koma patapita maola akuyamba kutsokomola ndi kubanika. Banja lagona ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka mu June, ndipo mpweya woipa wosanunkha wawafooketsa onse. Wachibale watsika basi yochokera ku Johannesburg atakhala pampando usana ndi usiku, mwendo umodzi watupa, kenako wabanika chifukwa magazi oundana apita m'mapapo. Wodwala shuga kapena impso, ngakhalenso mwana wa malungo aakulu, amatha kupuma mozama kwambiri ngakhale m'chifuwa mulibe kanthu. Zonsezi ndi za kuchipatala nthawi yomweyo.

Kuyeza kumayambira kunyumba

Woyamba kuyeza wodwala si dokotala, ndi mayi, bambo kapena agogo a m'nyumbamo. Kwa mwana, chida ndi foni kapena wotchi. Mwana akakhala phee, osalira, mukwezeni malaya ndipo muwerenge kupuma kwake kwa mphindi imodzi yathunthu. Wosakwana miyezi 2 akupuma mofulumira ngati afika ka 60 kapena kuposa. Wa miyezi 2 mpaka 11, malire ndi ka 50. Wa chaka chimodzi mpaka zaka zosakwana 5, malire ndi ka 40. Mwana wotere aonedwe tsiku lomwelo, ndipo m'midzi ya kutali alangizi a zaumoyo a kukiliniki ya m'mudzi anaphunzitsidwa kuwerenga kupuma kumeneku ndi kupereka mankhwala oyamba. Koma ngati m'munsi mwa chifuwa mukulowa m'kati akamakoka mpweya, akubuula popuma, akulephera kuyamwa, akusanza chilichonse, wakomoka kapena wafooka mosadzuka, musadikire kuti kuche.

Munthu wamkulu amene ali bwino amapuma ka 12 mpaka 20 pa mphindi. Akafika ka 30 ali chikhalire, zinthu zafika poipa. Zizindikiro zina zoopsa ndi kulephera kumaliza chiganizo osapumira, milomo kapena lilime kusintha mtundu, kuyankhula zosokonekera, kupweteka kwambiri pamtima, ndi kutsokomola magazi. Mayi woyembekezera kapena amene wangobereka kumene akabanika, imeneyo ndi ngozi ngakhale zizindikiro zinazi palibe.

Kubanika kobwera pang'onopang'ono, ife Asilamu tili ndi muyeso wake umene timauona kasanu pa tsiku. Bambo amene ankayenda kupita kumzikiti osaima, tsopano akupumira panjira kawiri. Mayi amene ankawerama pa rukuu ndi kugwetsa mphumi pa sajda popanda vuto, tsopano akudzuka akusowa mpweya. Muazini amene mawu ake ankatalika, tsopano akudula adhana pakati. Musanene kuti ndi ukalamba basi. Ukalamba umachepetsa liwiro, koma subanikitsa munthu ali chikhalire.

Podikira mayendedwe, mukhazikeni wodwalayo tsonga ataweramira kutsogolo pang'ono. Musamugoneke chagada. Tsegulani mazenera, ndipo anthu odzazonda achepe m'chipindamo. Musamumwetse phala kapena madzi mokakamiza, musamufunditse bulangeti pamwamba pa mphika wa nthunzi, ndipo musamuteme mphini pachifuwa. Ngati ndi wa mphumu yodziwika ndipo ali ndi mankhwala ake opopera, mpatseni. Popita kuchipatala tengani kabuku kake ka kuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa, kuphatikizapo ma ARV ndi a zitsamba. Kubisira achipatala zimenezi n'kudzitchera ndale wekha.

Zimene achipatala amayang'ana

Kuchipatala, wodwala wobanika sayenera kukhala pamzere. Auzeni a pakhomo kuti akulephera kupuma. Chida choyamba ndi kachipangizo kakang'ono kopanira pachala kamene kamayeza okosijeni m'magazi. Muyeso ukatsika kufika pansi pa 90, wodwalayo akufunika kuikidwa pa mpweya. Kachipangizoka kali ndi malire ake. Kamasokonezeka ndi zala zozizira, utoto wa m'zikhadabo ndi hina wakuda kwambiri. Kafukufuku wa ku America mu 2020 anaonetsa kuti pa anthu a khungu lakuda kamatha kuonetsa nambala yabwino kuposa mmene zinthu zilili. Komanso munthu wochepa magazi kwambiri akhoza kuonetsa 98 ali pafupi kukomoka, chifukwa magazi ochepa amene ali nawowo ndi odzaza mpweya, kungoti ndi osakwanira thupi lonse. Nambala yokha sitsutsa zimene maso akuona.

Chifukwa cha ichi, kuyeza kwabwino kumapitirira: kumvetsera m'chifuwa, kuyeza kuthamanga kwa magazi, kuchuluka kwa magazi, malungo, shuga, HIV, makhololo pa makina a GeneXpert, ndi kujambula chifuwa kapena mtima kumene zida zilipo. Kumbukirani kuti ambiri mu kafukufuku uja anali ndi matenda oposa amodzi. Kupezeka ndi malungo sikutanthauza kuti mtima uli bwino. Ngati wodwala sakusintha patapita masiku awiri kapena atatu, bwererani ndipo mufunse mwaulemu ngati magazi, mtima ndi TB zinayezedwa.

Chithandizo chimatsata chimene chapezeka, ndipo apa ndi pamene mabanja timakangana ndi anamwino popanda chifukwa. Timakonda diripi, ndipo timaona ngati wodwala amene sanaikidwe diripi sanathandizidwe. Koma munthu wofooka mtima ali kale ndi madzi ochuluka m'thupi, ndipo diripi ikhoza kumumiza mapapo. Iyeyo amafunika mankhwala okodzetsa ndi kuchepetsa mchere. Wa chibayo amafunika mankhwala opha tizilombo, wochepa magazi kwambiri amafunika kuikidwa magazi, wa mphumu amafunika mankhwala opopera. Mankhwala opopera si a anthu otsala pang'ono kufa, ndipo sazolowereka ngati fodya. Madokotala a ku Cape Town anaonetsa kale mu 1999 kuti botolo la pulasitiki la 500 ml, likaboledwa kumunsi n'kulowetsamo chopoperacho, limathandiza mwana kukoka mankhwalawa bwino. Pemphani achipatala akuonetseni kapangidwe kake.

Palinso mantha amene tiyenera kuwatchula poyera. Ambiri timakhulupirira kuti munthu akaikidwa pa mpweya ndiye kuti wapita, ndipo ena amachotsa timachubu pamphuno pa mwana namwino akangotembenuka. Chikhulupirirochi chinabadwa chifukwa chakuti amene tinawaona akumwalira ali pa mpweya anafika mochedwa, thupi litatheratu. Okosijeni ndi gawo la mpweya womwe tonse tikupumawu, kungoti waperekedwa wochuluka. Choopsa chake chenicheni ndi moto: pafupi ndi wodwala amene ali pa mpweya pasayatsidwe kandulo, machesi kapena fodya.

Phunziro la pa chipatala cha Salima

Mliri wa Covid-19 unatiphunzitsa mtengo wa mpweya. Pa 12 January 2021 dziko lino linataya nduna ziwiri tsiku limodzi, a Lingson Belekanyama ndi m'bale wathu a Mohammed Sidik Mia, ndipo m'masabata amenewo zipatala zinasowa masilinda mpaka nzika wamba zinayamba kusonkha ndalama zogulira. Kuchokera pamenepo boma linakonza ndondomeko ya mpweya wa m'zipatala ya 2021 mpaka 2026, ndipo mu May 2023 mayiko a m'bungwe la WHO anagwirizana kuti okosijeni azipezeka kwa aliyense womufuna. Komabe lipoti la akatswiri limene magazini ya Lancet Global Health inatulutsa mu February 2025 linati kumwera kwa chipululu cha Sahara, wodwala mmodzi yekha mwa 10 ofunika mpweya ndi amene amaulandira mokwanira.

Tikamva zimenezi, maganizo oyamba ndi akuti tisonkhe ndalama tigule makina. Koma tiyeni tione zimene zinapezeka pa chipatala chathu cha boma. Kuyambira mu June 2015 mpaka March 2018, ofufuza anayesa makina othandiza kupuma otchedwa bubble CPAP pa ana 644 odwala chibayo chachikulu, amene ena anali onyentchera, ena okhudzidwa ndi HIV, ena otsika mpweya kwambiri. Theka anaikidwa pa makinawa, theka pa mpweya wamba wa timachubu ta pamphuno. Makina a mtundu umenewu anali atapulumutsa kale ana obadwa kumene pa chipatala cha Queen Elizabeth, choncho chiyembekezo chinali chachikulu. Zotsatira zinadabwitsa: mwa ana a pa makina, 17 pa 100 aliwonse anamwalira, pamene mwa ana a pa mpweya wamba anamwalira anali 11 pa 100. Kafukufukuyo anaimitsidwa nthawi yake isanakwane.

Izi sizikutanthauza kuti makinawo ndi oipa, kapena kuti anamwino athu analephera ntchito. Ofufuzawo anachenjeza kuti makina otere amafuna kuyang'aniridwa mwapafupi, ndipo wodi ya ana imene anayeseramo inalibe dokotala woona anawo tsiku ndi tsiku. Chida chimene chimapulumutsa kumene ogwira ntchito ndi okwanira chikhoza kusathandiza kumene namwino mmodzi akuthamangira ana ambiri. Phunziro lofanana linachokera ku Chikwawa ndi Karonga, kumene mabanja a ana oposa 10,000 analowa mu kafukufuku wa mbaula zochepa utsi, koma zotsatira za mu 2016 zinaonetsa kuti chibayo cha ana sichinachepe. Utsi ndi woipa ndithu, koma kusintha mbaula yokha sikunakwanire.

N'chimodzimodzi ndi makina opanga okosijeni a pambali pa bedi. Amakoka mpweya wa m'chipinda n'kusefa, choncho magetsi akazima nawonso amaima. Amafunanso kutsukidwa sefa ndi munthu wodziwa kuwakonza. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko linataya pafupifupi 130 MW ndipo kuzima kwa magetsi kunatenga nthawi yaitali. Boma la Salima lili ndi malo opangira magetsi a dzuwa a 60 MW amene anatsegulidwa mu November 2021, koma magetsiwo amalowa mu nthambo za dziko lonse. Funso loyenera kufunsa khonsolo ndi aphungu athu ndi lakuti: kodi zipatala zing'onozing'ono za m'boma lino zili ndi sola ndi mabatire okwanira kuyendetsa makina a mpweya usiku wonse?

Funsoli lakula chifukwa ndalama zafupika. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, zimene zinakweza mtengo wa mankhwala, zida ndi mafuta a ambulansi. Mu January 2025 dziko la America linaimitsa thandizo lake lambiri, limene mbali ina linkayendetsa ntchito za HIV ndi TB. Mayiko a mu Africa analonjeza ku Abuja mu 2001 kuti azipereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, ndipo dziko lathu lakhala likuperewera pa muyeso umenewu. Boma la Salima, limene kalembera wa 2018 anapeza kuti lili ndi anthu oposa 478,000, limadalira chipatala chimodzi chachikulu, ndipo odwala ovuta amatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe, mtunda wa pafupifupi makilomita 100. Kwa munthu wobanika, umenewo ndi ulendo wautali.

Zimene Chisilamu chikutiphunzitsa

Ena amati kuthamangira kuchipatala n'kuchepa kwa tawakkul. Si choncho. Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zipite kwa iye) analamula maswahaba ake kufunafuna mankhwala, ndipo anaphunzitsa kuti kuyedzamira kwa Allah kumayendera limodzi ndi kuchita mbali yathu. Dua ndi ruqya ndi zabwino, ndipo zikhoza kuchitika panjira, pa kabaza kapena pambali pa bedi la kuchipatala. Cholakwika ndi kuchedwetsa ulendo usiku wonse poganiza kuti kubanikako ndi majini kapena ufiti. Thupi ndi amana imene tidzafunsidwa.

Chisilamu chinafewetsa kale malamulo kwa wodwala. Amene sangathe kuswali choimirira aswali chokhala, ndipo amene sangathe kukhala aswali atagona cham'mbali. Wofooka mtima amene amabanika pa sajda angoweramitsa mutu mmene angathere. Pa za Ramadhan, Surat Al-Baqarah ndime 184 ndi 185 zikupereka chilolezo kwa wodwala kuti amasule n'kudzabweza masikuwo, ndipo amene matenda ake ndi osachira amapereka fidya. Bungwe la ma Ulama la Islamic Fiqh Academy, pa msonkhano wake wa ku Jeddah mu 1997, linagamula kuti kulandira mpweya wa okosijeni sikumasula swaumu. Pa mankhwala opopera a mphumu ma Ulama anasiyana maganizo, ena akuti amamasula ena akuti ayi, choncho funsani Sheikh wanu Ramadhan isanafike. Koma onse amagwirizana kuti munthu amene mphumu yamugwira agwiritse ntchito mankhwala ake nthawi yomweyo, osadikira Maghrib. Mankhwala a TB, a mtima ndi ma ARV asasiyidwe chifukwa cha kusala. Kambiranani ndi achipatala ngati nthawi yomwera ingasunthidwe kufika pa futari kapena pa daku.

Palinso abale amene matenda awo afika posachiritsika, monga khansa kapena mtima wotheratu. Amenewa sayenera kuvutika ndi kubanika mpaka tsiku lomaliza. Konkuno ku Salima kuli malo a Ndi Moyo, amene mayi Lucy Finch anayambitsa mu 2007 kuti asamalire odwala otere. Mankhwala a morphine akaperekedwa ndi odziwa, pa muyeso wochepa, amachepetsa kubanika ndi ululu, ndipo ngakhale kukupizira mphepo kumaso kumathandiza. Kufuna chithandizo chimenechi si kutaya mtima. Kumampatsa wodwala mpata wotchula Shahada mwamtendere.

Pamene sadaka yathu ingagwire ntchito

Mutu umodzi susenza denga, ndipo mzikiti uli ndi mphamvu imene banja limodzi lilibe. Choyamba ndi mayendedwe. Anthu ambiri amachedwa chifukwa usiku umenewo m'nyumba munalibe ndalama ya njinga yamoto kapena galimoto. Komiti ya mzikiti ikhoza kusunga thumba laling'ono la matenda adzidzidzi, kugwirizana ndi oyendetsa awiri kapena atatu odalirika, ndi kulengeza manambala awo pa Ijuma. Timasonkha mofulumira pa janaza. Tiyeni tisonkhe mofulumira chomwecho munthu adakali moyo.

Chachiwiri ndi magazi. Palibe fakitale yopanga magazi, ndipo bungwe la Malawi Blood Transfusion Service limadalira anthu opereka mwaufulu. Ma Ulama amalola kupereka ndi kulandira magazi pofuna kupulumutsa moyo. Achinyamata athu a m'madoko ndi a m'magulu a dawa akhoza kukonza tsiku lopereka magazi, makamaka nyengo ya mvula pamene malungo amachuluka.

Chachitatu ndi kupewa. Itanani azaumoyo adzayeze kuthamanga kwa magazi ndi shuga pakhomo la mzikiti ikatha swala ya Ijuma. Aphunzitsi a madrassa alimbikitse ana kumwa mankhwala a likodzo akamaperekedwa kusukulu, ndipo masikito agwire ntchito yake pabedi, osati yokokera usipa. Makomiti a m'madoko akambirane zowamba nsomba pamalo opita mphepo, ana ali patali. Amene akutsokomola masabata awiri aperekezedwe kukayezetsa makhololo popanda kumunyoza, ndipo mazenera a mzikiti akhale otsegula. Osuta fodya auzidwe mwachikondi kuti akuononga mapapo awo ndi a ana awo.

Chachinayi ndi mphatso zathu kuzipatala. Mabungwe ndi anthu akufuna kwabwino asanagule makina, ayambe afunsa akuluakulu a zaumoyo m'boma lino chimene chikusowa. Mwina ndi tizipangizo toyezera mpweya tokwana chala cha mwana, mabatire a sola, timachubu, mafuta a ambulansi, kapena kukonzetsa makina amene angokhala pakona. Zinthu zimenezi sizikongola pa chithunzi, koma ndi zimene zimasunga mpweya pamphuno pa wodwala pakati pa usiku. Kulipirira mwana wa kwathu konkuno maphunziro a unamwino ndi sadaka imene idzapitirira zaka zambiri.

Chachisanu ndi mawu athu. Zipatala zili ndi makomiti a anthu a m'dera, ndipo Asilamu, amayi ndi abambo omwe, tiyenera kukhalamo ndi kufunsa mafunso omveka: kodi wodwala aliyense wobanika akuyezedwa mpweya pofika, makina angati akugwira ntchito, ndipo magetsi akazima chimachitika n'chiyani? Ndondomeko ya boma ya mpweya inakonzedwa kuti ifike kumapeto mu 2026, choncho ndi bwino kufunsa kuti Salima wapindula chiyani ndipo chatsala n'chiyani.

Tikupempha ma Imam ndi atsogoleri a amayi kuti apatule Ijuma imodzi mwezi uno, aitane mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lawo, ndipo makolo aphunzire kuwerenga kupuma kwa mwana ndi foni m'manja. Ndi phunziro la mphindi zochepa limene aliyense angathe. Allah achiritse odwala athu, awachitire chifundo amene anatsogola, ndipo awalipire zabwino onse amene amachezera usiku kusamalira odwala. Ameen.